Zipsera Zisanu Pamimba Panga

Mantha anandiyamba Lachinayi, pamene a Hilario anandiuza kuti mayi awo asankha kale mbuzi.

"Mbuzi ya chiyani?" ndinafunsa.

"Ya iwe. Lamulungu tikupita ku Ndamera. Akufuna akuone."

Tinali pakhonde la nyumba yanga pa Nchalo, iwo akusenda bango, ine ndikumwa madzi pang'onopang'ono ngati nkhuku. Mkazi wina akanavina. Ndine wamasiye wa zaka 45, ndipo mwamuna wa ntchito yake ku nzimbe, wosamwa mowa, akufuna kukandionetsa kwao. Koma ine sindinavine.

"Mwawauza za mimba yangayi?"

"Ndinawauza kuti unadwalapo."

"Ndinadwalapo. Basi mwamaliza nkhani."

"Priska, mayi anga ndi okalamba. Ndikawauze kuti mkazi amene ndikufuna kukwatira anakadulitsa chifu chake ku Joni, mwadala, ali bwinobwino? Akamva bwanji?"

"Anakuuzani ndani kuti ndinali bwinobwino?"

Anangondipatsa kachidutswa ka bango kolingana ndi chala, chifukwa amadziwa mlingo wanga.

* * *

Inu amene simundidziwa, chaka chatha ndinkalemera makilogalamu 138. Sikelo ya kuchipatala inkafika kumapeto n'kuima, moti tsiku lina anandiyeza pa sikelo ya thonje, amuna akuseka. Akabaza akandiona ankati tayala laphwa. Ndinali ndi shuga, bipi ndi mawondo otupa, ndipo kutentha kwa kuno kuchigwa kunkandisupula m'ntchafu mpaka zilonda. Koma anthu ankayamikira. "Malemu Lorenso anakusungani bwino, mayi." Kundisunga bwino kotani, ine ndikulephera kuwerama kuti nditsuke mapazi anga?

Mwana wanga Lily ndi nesi ku Joni. Ndiye anandiitanitsa. Dokotala wa kumeneko anajambula njira zitatu papepala. Kumanga chifu ndi kalamba. Kudula mbali yaikulu n'kusiya kachigawo konga nthochi. Kapena kusiya kathumba kakang'ono n'kukalumikiza ku matumbo kuti chakudya chizilambalala. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 6. Ndinaloza nthochi, chifukwa ndi yokhayo imene ndinaimvetsa.

Ndinadzuka ndi timabala tisanu pamimba. Milungu iwiri ndinakhalira madzi ndi msuzi, kenako phala lamadzimadzi, kenako dzira lophwanya. Mwezi wachinayi tsitsi linathothoka. Khungu la m'mikono likulendewera mpaka lero, ndipo mapiritsi a mavitamini ndidzamwa mpaka kumanda. Koma papita miyezi isanu ndi inayi, ndili pa 90, jakisoni wa shuga ndinasiya, ndipo kumsika ndimapita wapansi. Chakudya changa ndi theka la kapu ya tiyi. Ndikapitirira apo, chimabwerera.

Vuto ndi lakuti kuno munthu akaonda samufunsa. Amangomuweruza. Ena ankati ndi kachilombo, ndiye tinakayezetsa limodzi ndi a Hilario, pepala lili m'chikwama. Ena amanena zoopsa kuposa apo. Mwamuna wanga Lorenso atamwalira zaka zinayi zapitazo, abale ake a ku Tengani anafuna kuti ndilowe kufa, ndiko kuti ndigone ndi mwamuna wochita kumupeza, kuti achotse imfa m'thupi mwanga. Mlamu wanga Ignasio anabwera naye munthuyo mpaka pakhomo panga. Ndinatuluka ndi musi. Anathawa onse awiri, ndipo Ignasio atafika patali anatembenuka n'kunena kuti, "Udzauma ngati phesi iwe."

Zaka zitatu ndinapitiriza kunenepa, iye n'kusowa chonena. Tsopano wachipeza.

A Hilario nawonso akazi awo anamwalira. Iwo mwambo wawo anachita, ndi mkazi amene abale anawapezera. Anandiuza kamodzi, mwachidule, ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso.

* * *

Loweruka m'mawa Lily anatumiza mawu pafoni.

"Amayi, mverani. Mpunga ayi, umafufuma. Fanta ayi. Nyama ya mbuzi mutafune mpaka nsagwada zitope. Musamwe chilichonse mukudya. Mukamva kuthina pachifuwa lekani pomwepo, ngakhale okupatsaniwo akhale abishopu."

Ndinamuyankha: "Nanga ndikadya zambiri, mmene anasokamo simuphulika?"

"Simuphulika, munapola. Koma musanza, ndipo muona ngati mukufa."

Ndikumvetsera zimenezo, a Hilario anali pansi ndi msomali ndi mwala, akuboola lamba wawo. Chiyambireni chibwenzi chathu amandiperekeza m'mawa uliwonse kuyenda mumsewu wa m'mbali mwa nzimbe. Shuga mu tiyi anasiya. Akamadya kwanga amapempha mbale yaing'ono kuti ine ndisachite manyazi ndi kakapu kanga. Palibe mwamuna amene anandichitirapo zotere.

"Bowo lachiwiri limeneli," anatero akuonetsa m'mwamba lambayo. "Ukundimaliza, Priska."

"Munkaoneka ngati thumba la mapira. Muzindithokoza."

Tinaseka. Ndikanadziwa, ndikanawalanda msomaliwo n'kuuponya m'ngalande.

* * *

Tinafika ku Ndamera dzuwa lili pamutu, titatsika minibasi n'kukwera akabaza. Wanga sanadandaule n'komwe. Mayi awo a Hilario anali pamphasa pansi pa mtengo wa masawu, kamunthu kakang'ono ka maso akuthwa. Ndinagwada n'kuomba m'manja. Anandilonjera m'Chisena, ine n'kuyankha bwinobwino, chifukwa ndinakhala pabanja ndi Msena zaka makumi awiri.

Dzanja sanandipatse.

"Uyu ndi yemweyo?" anafunsa mwana wawo. "Ine ndinamva kuti mkazi wa Lorenso ankalowa pakhomo cham'mbali."

Dzina la Lorenso a Hilario anali asanalitchulepo kwa mayi awo. Ndinawaona iwonso akudabwa.

Amene anawauza sanachedwe kuonekera. Anatuluka kukhitchini ndi beseni la madzi, mkazi wonenepa bwino, wosalala, ziuno zikulankhula zokha. Ameneyu ndi Ella, wa nyumba yoyandikana nayo. Banja lake linatha, ndipo amachapira mayiwo, kuwatungira madzi ndi kuwatchula kuti amayi ngati anamulowola kale.

"Takulandirani asisi," anatero akundiyang'ana kuchokera kumapazi. "Chitenje chabwino. Chikukuzungulirani kangati?"

"Kamodzi ndi theka. Inu kodi chimakumana?"

A Hilario anatsokomola. Amuna a pamudzi anawaitanira pamthunzi wina, ine n'kutsala ndi akazi.

Sindine waulesi, ndiye ndinatsatira Ella kukhitchini kuti ndikathandize. Nyama inali pamoto. Ndinalawa msuzi, ndinamva kuti mchere wachepa, ndipo ndinatambasula dzanja kuti nditape m'kachitini. Ella anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Nkhabe, ayi. Amayi anena kuti mchere musaukhudze."

Sanafunike kufotokoza. Aliyense wa kuno amadziwa. Mkazi amene ali ndi imfa m'thupi akathira mchere m'ndiwo, odyawo amadwala, amaonda, amapita. Ndinatuluka m'khitchinimo. Pamudzi ponsepo anali atandiweruza ndisanakwere minibasi.

* * *

Tinadyera m'nyumba, akazi tokhatokha atatu. Mayiwo anakana kuti Ella agawe. Anatenga chipande ndi dzanja lawo n'kundiunjikira mpunga phiri, nyama zinayi pamwamba, ndi chiwindi. Ella anatsegula fanta n'kuiika pafupi ndi bondo langa.

"Mbuzi iyi yafera inu," anatero mayiwo. "Pamudzi pano mkazi wobwera kudzaonekera amamaliza mbale imene ndamugawira ndekha. Akazi a ana anga onse anamaliza."

Ndinayamba ndi chiwindi chifukwa n'chofewa. Ndinatafuna mpaka chinasanduka phala. Kenako kanyama. Kenako kampunga pang'ono, kuti asanene kuti sindinakhudze. Pachifuwa panayamba kuthina, chizindikiro chimene Lily ananena chija. Mbale inkaoneka ngati sindinayambe.

"Zikomo mayi, ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani?"

"Mimba yanga ndi yaing'ono. Anaichepetsa kuchipatala."

"Mwina mpunga wakumudzi ukuwanunkhira," anatero Ella, mafuta ali pakamwa. "Kapena akuopa kuti tawathirira."

Mayiwo anasiya kudya. "Mukuganiza kuti ndakuthirirani mankhwala, m'nyumba mwanga?"

"Ayi mayi."

Anatambasula dzanja, anatenga nyama imodzi m'mbale yanga n'kuitafuna ndi mano awo ochepawo, akundiyang'ana. Atameza anandikankhira mbaleyo.

Ndiuzeni inuyo, ndikanatani? Kusiya kunali kuwatchula mfiti mayi a mwamuna amene ndimamukonda. Ndinadya. Ndinameza mpunga osatafuna, kuti uthe msanga. Unaima pakhosi ngati mwala, ndiye ndinamwera fanta ija kuti utsike.

Thukuta linayamba kumutu. Malovu anadzaza m'kamwa. Mtima unagunda ngati ukufuna kuthyola nthiti, ndipo pansi pa chifuwa panawawa moti ndinati basi, Lily wandinamiza, mwaphulika, ndifera ku Ndamera pamphasa ya eni. Ndinadzuka n'kuthamangira panja. Kuseri sindinafike. Ndinagwada pakati pa bwalo n'kusanza mbuzi yawo yonse, amuna aja akuona.

* * *

Anandipititsa kubafa ya udzu kuseri kwa nyumba. Ndinadabwa kuti amene anabwera ndi madzi ndi mayiwo, Ella ali pambuyo. Sanakalipe. Anandithira madzi m'manja, ali chapatali.

"Mwananga, imfa ikakhala m'thupi imakana chakudya cha anthu amoyo. Ndinafuna ndione ndi maso anga. Ndaona."

Mantha anga anasanduka ukali. Ine ndi mmene ndilili.

"Si imfa iyi, mayi. Ndi opaleshoni. Ndinali kufa ndi shuga ndi mafuta, anandidula chifu kuti ndikhale ndi moyo. Onani."

Ndinakweza bulauzi n'kutsitsa chitenje. Khungu lolendewera lija linali poyera, koma sindinasamale. Ndinawalozera zipsera zanga chimodzichimodzi, zisanu, chilichonse kutalika ngati chikhadabo.

Mayiwo anawerama n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Ella, onetsa yako."

Ella anatsitsa chitenje chake mokondwera. Mwana wake wachiwiri anabadwa ndi mpeni, ndipo chipsera chake n'chachitali, chakuda, kuchokera pamchombo kutsika.

"Opaleshoni ndi imeneyo," anatero mayiwo. "Timaidziwa, si ife ana. Izi ndi mphini. Anakutemerani ndani?"

"Si mphini. Amaboola pang'ono n'kulowetsa timapaipi ndi kamera."

"Kamera m'mimba," Ella anatero. "Kunali ukwati mmenemo?"

"Mwati anachotsa chifu chachikulu," mayiwo anapitiriza modekha. "Chinatulukira pati? Pakabowo aka?"

Ndinali m'tulo pamene ankachita zimenezo, ndipo sindinamufunsepo dokotala. Ndinatulutsa foni kuti Lily awafotokozere yekha. Kumeneko ndi kumalire, foni inali itagwira netiweki ya ku Mozambiki, ndipo inakana kuimba. Ndinayesa katatu.

"Munathawa mwambo," anatero mayiwo, "n'kupita kwa sing'anga wakutali kuti akutsekereni imfa ndi mphini. Sitsekeka. Imangofuna khomo lina."

* * *

Khomo limene ankanenalo ndinalidziwa titabwerera pabwalo. Anthu anali atakwirira kale masanzi anga ndi mchenga. A Hilario anandithamangira.

"Priska, uli bwanji? Bwanji sunasiye?"

"Munali kuti inu kuti mundiuze zosiya?"

"Hilario," mayi awo anaitana. "Ima apo. Kweza malaya."

Mwamuna wa zaka makumi asanu anakweza malaya ngati mwana wa sukulu. Mayiwo anagwira lamba uja n'kuyendetsa chala. Mabowo a kusitolo, ozungulira bwino. Kenako awiri aja a msomali.

"Pa Isitala buluku ili linkakuthina."

"Amayi, ndimayenda m'mawa uliwonse. Shuga ndinasiya. Ndikumva bwino kuposa kale."

"Ukugwira ntchito ku nzimbe n'kusiya shuga? Amakuphikira ndani?"

A Hilario anayang'ana pansi.

"Mchere amathira ndani?"

Ndinkayembekeza kuti mayiwo akalipa, ndipo ndinali nditakonzeka, chifukwa kukalipa ndimakudziwa. Koma anakhala pansi pamchenga, lamba wa mwana wawo ali chigwirire, n'kuyamba kulira popanda mawu.

"Ndaika ana atatu m'manda. Watsala uyu."

Zimenezo zinandiopsa kuposa musi, kuposa mpeni wa dokotala. Munthu wokalipa umamuyankha. Mayi wolira mwana wake umamuyankha chiyani?

"Uyu agona kuno," anatero atapukuta maso. "Inu mayi, pitani bwino. Sindikudana nanu. Mukadziyeretse, mudzabwere, ndidzakupatsani dzanja."

Ndinayang'ana a Hilario. Ndinkafuna mawu amodzi okha. Akanangoti, "Amayi, tabwera awiri, tibwerera awiri."

"Tsogola, Priska," anatero. "Ndiwakhazike mtima pansi. Ndibwera mawa."

Ella ndiye anandiitanira kabaza. Ananditengera ngakhale chikwama mpaka panjinga.

"Muyende bwino asisi. A Hilario musawadere nkhawa, tiwadyetsa."

* * *

Foni inadzuka titafika pa boma la Nsanje. Ndinali pampando wakumbuyo wa minibasi, pakhosi pakuwotcha, m'mimba mulibe kanthu. Uthenga woyamba unali wa Lily: "Zayenda bwanji, akwati?"

Kenako panalowa mauthenga ochokera kwa a Hilario, motsatizana. Ayenera kuti anakwera pachulu kusaka netiweki.

"Amayi anatumiza kale uthenga kwa a Ignasio sabata yatha. Ine sindinadziwe. A Ignasiowo akubwera kwanu Loweruka ndi munthu wawo wa mwambo uja."

Sabata yatha. Ndiye kuti mbuzi ija sinafere kundilandira. Inafera kundigwira.

Wachiwiri wawo unati: "Ine zimenezi sindizikhulupirira kwenikweni. Koma amayi akukana kudya."

Ndinayang'ana mawu oti kwenikweni mpaka maso anawawa.

Wachitatu: "Ndi kamodzi kokha, Priska. Palibe adzadziwe, ngakhale amfumu. Inenso ndinachita, sindinafe. Tikatero tikwatirana mwamtendere."

Mayi wina amene anakhala pafupi nane ndi dengu la nsomba zouma anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi. Anasunthabe pang'ono, n'kukokera dengu lake kumbali.

Ndinalemba yankho ndi chala chimodzi, monga ndimalembera. Ndinati mwana wanga sananditengere ku Joni kukandipulumutsa ku shuga kuti ndidzagone ndi mwamuna amene wazungulira maliro onse a ku Tengani. Ndinati pepala lathu lakuchipatala ndi loyera, ndipo ndikufuna likhale loyera. Ndinati akamuuze Ignasio kuti musi uja ndikadali nawo, ndipo tsopano ndimatha kuthamanga.

Ndisanatumize, foni inanjenjemeranso.

"Ndifunse chinthu chimodzi, usakwiye. Ndadziyang'ana pagalasi la amayi. Kodi ndi zoona kuti kuyenda kokha kungamuondetse munthu chonchi?"

Ndinawerenga kawiri. Ignasio sindimuopa. Ella ndi ziuno zake sindimuopa. Koma uyu ndi mwamuna amene dzulo lomweli ankaseka ndi msomali m'manja pakhonde panga, amene amatsuka kakapu kanga n'kukaika pambali kuti alendo asamwere. Wakhala kwa mayi ake theka la tsiku, ndipo wayamba kundiopa.

Minibasi inachepetsa liwiro. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo n'kuyamba kuitana a pa Tengani. Ndinakoka chitenje n'kuphimba kumaso kuti abale a Lorenso asaone mmene ndaumira, ndipo m'kati mwa chitenjemo foni inali ikuwalabe ndi funso la a Hilario.